Funsani Anti: Mphaka wanga ndi wamantha, nde tikusamuka

Mwezi uno ndasankha makalata a amphaka ndi kusamuka okhaokha chifukwa abwera angapo nthawi imodzi. Ena ndawadula kuti akwane. Amene munafunsa za utitiri mudikire mwezi wamawa.

Anti, ndili ndi mphaka wamkazi wa zaka 4, dzina lake Phulusa, wamantha chibadwire, mlendo akangogogoda iye wafika kale kunsi kwa bedi. Nde kumapeto kwa mwezi uno tikusamuka, kumene tikupitako ndi ulendo wa maola awiri pagalimoto. Tangoyamba kumene kulongedza koma wayamba kale zachilendo, akudya pang'ono, usiku akungolira uku akuzungulirazungulira, dzulo wakodza pa chikwama cha zovala zomwe sanapangepo chiyambire. Amuna anga akuti tingomusiyira aneba chifukwa eti mphaka amakonda malo osati munthu, olo timutenge akathawabe. Ine sindikufuna kumusiya. Ndipange bwanji?
Mayi a Phulusa

Mayi a Phulusa, musamusiye. Bambo akunyumbawo sakunama kwenikweni koma nkhaniyi aigwira mbali imodzi. Nzoona mphaka amadalira malo kuposa galu, chifukwa kholo la amphaka a m'nyumbawa ndi mphaka wakutchire wotchedwa Felis lybica amene amakhala yekha, kusaka yekha, alibe gulu lomuteteza, nde chomupulumutsa ndi kulidziwa bwino dera lake, pothawira ndi apa, pobisala ndi apo, madzi ali uko. Amphaka anayamba kukhala ndi anthu zaka pafupifupi 10,000 zapitazo koma mtima umenewo sunawachoke. Koma zoti mwini wake alibe naye ntchito ndakana. Mu 2019 akatswiri a ku Oregon State University anayika amphaka m'chipinda chachilendo, mwini wake nkutuluka mphindi 2 kenako nkubweranso, ndipo anapeza kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse mtima umakhala pansi mwini wake akangolowa, nkuyamba kuyendayenda kufufuza chipindacho. Komanso tiwafunse bambowo, kwa anebako si nyumba yachilendonso? Ndipo nyumba yakaleyo mulowa anthu ena, mwina ndi galu wawo. Nde mukamusiya ataya zonse ziwiri, malo ndi inu nomwe.

Kwa mphaka nyumba ndi fungo, apa mpamene pagona nkhani yonse. Mumamuona akusisita tsaya lake pa mwendo wa tebulo, pa ngodya ya sofa, pa felemu la chitseko, pa miyendo yanu? Sikuti akungopempha chakudya. M'masaya, pachibwano, pamphumi ndi kunsi kwa mapazi ali ndi tiziwalo totulutsa fungo lomwe ife sitilimva, ndipo akalimva pamalo amadziwa kuti pano mpathu palibe choopsa. Nde taganizani zomwe zikuchitika kwanuko. Zinthu zomwe wakhala akuzidinda fungo zaka zonsezi zikusowa chimodzichimodzi, m'malo mwake mwadzadza makatoni onunkha kumene achokera, tepi ikulira kweee tsiku lonse, inunso muli pikitipikiti simukumuyang'ana nkomwe. Kukodza pa chikwama kuja si mwano ayi, wasankha pomwe pali fungo lanu lambiri nkusakanizapo lake kuti mtima ukhaleko pansi. Musamukalipire, musamumenye, ndipo zomukhudzitsa mphuno pa mkodzo zija ayi chonde, mantha amangowonjezeka mawa akodzanso pena. Chikwamacho muchape ndi sopo wokhala ndi ma enzyme kapena mankhwala ochotsera fungo la mkodzo wa ziweto, osati okhala ndi ammonia chifukwa kwa iye amanunkha ngati mkodzo womwewo ndipo abwerezapo. Zikachitikanso, kapena mukaona timagazi, muwerenge yankho la kalata yachiwiriyo.

Kuyambira lero sankhani chipinda chimodzi chomwe mudzachilongedze pomaliza, zake zonse zipite mmenemo, mbale, madzi, thireyi ya mchenga yodzithandiziramo, pogona, chokandapo zikhadabo. Nthawi ya chakudya isasinthe olo mutatanganidwa bwanji, mtundu wa chakudya usasinthe, mchenga usasinthe. Ino si nthawi yoyesa zatsopano. Ndipo ndikudziwa azimayi ife tikamasamuka timafuna chilichonse chikalowe m'nyumba yatsopano chili chochapachapa, koma kabulangete ka Phulusa kokha mukasiye ndi ubweya wake womwewo, ndi litsiro lake lomwelo, kachokandapo kong'ambikang'ambika kamene mumafuna kukataya kaja nakonso kakwere nawo. Zimenezo ndiye nyumba yake yomwe angathe kupita nayo.

Bokosi lomunyamuliramo mulitulutse lero lomwe, lisadzaonekere tsiku la ulendo. Amphaka ambiri amaliona bokosi limeneli pokhapokha akamapita kukabaidwa jakisoni, nde akangoliona amadziwa kuti zavuta. Liyikeni pansi m'chipinda chakecho, chitseko chake chotsegula kapena mungochotsa kumene, muyalemo kabulangete kaja. Masiku oyamba mbale ya chakudya izikhala pafupi nalo, kenako pakhomo pake, kenako m'kati. Musamukankhiremo. Tsiku lina mudzangopeza wagonamo yekha, apo mwapambana. Ena amagula Feliway, amene ndi fungo la m'masaya lija lochita kupanga, alipo wopopera ndi wina wolumikiza pa soketi. Amphaka ena amawathandiza ena ayi, ine ndimati ngati mungathe yesani koma musamuyese mankhwala a zonse. Wopoperayo mupopere m'bokosi mphaka asanalowe nkudikira mphindi 15 kuti fungo la sipiliti lithe, osamupopera iyeyo.

Tsiku losamuka ndi limene amphaka ambiri amasowa, chifukwa zitseko zonse zimakhala pululu anthu akulowa nkutuluka ndi masofa. Onyamula katundu asanafike, mutsekereni m'chipinda chija, mumate pepala pachitseko kuti musatsegule muli mphaka, ngati chili ndi kiyi khomani kiyi akhale m'thumba mwanu. Chakudya mumupatse chochepa m'mawa, maola atatu kapena anayi ulendo usanayambe asadyenso kuti asasanze panjira, madzi okha akhalepo. Iye achoke pomaliza ndipo akwere galimoto yomwe mwakwera inuyo, osati pa lole ya katundu, osati ku buti. Bokosilo mulifunditse kansalu kopepuka kusiya mpata wa mpweya, muliyike pansi kuseri kwa mpando wakutsogolo kapena mulimange ndi lamba. Alira, mwina njira yonse, mtima ukuwawani, koma musatsegule. Mphaka wochita mantha m'galimoto amathamangira kunsi kwa mapazi a dalaivala kapena kutulukira pa windo, ndipo akatsika pamalo pomwe sakupadziwa kumupezanso nkovuta. Osamusiya m'galimoto yoima padzuwa olo mphindi zochepa. Mukaona akupuma kukamwa kuli yasa ngati galu, lilime panja, imani pamthunzi mpweya ulowe, mphaka sapuma chonchi ngati zili bwino, ndipo zikapanda kusiya msanga funani dokotala wa ziweto.

Mukafika ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa chifukwa cha chikondi. Amamutulutsa pabalaza nkumamunyamula kumuonetsa zipinda zonse, onatu kwanu kwatsopano. Ayi. Nyumba yonse nthawi imodzi yamukulira. Mupatseni kachipinda kamodzi kaphee, muyikemo zake zija, chakudya mbali ina, madzi mbali ina, mchenga kutali ndi zonsezo chifukwa sakonda kudya pafupi ndi pomwe amadzithandizira. Muyikemo tisheti yanu yomwe mwavala osachapa, ndi katoni imodzi kapena ziwiri zoboola pambali, poti makatoni muli nawo ambiri. Za katoni musazione ngati zocheza. Mu 2014 ku Utrecht University anayesa amphaka ongofika kumene kumalo osungirako ziweto zosowa pokhala, ena anawapatsa bokosi lobisalamo ena ayi. A mabokosiwo pofika tsiku lachitatu anali atakhazikika kale, enawo zinawatengera pafupifupi masabata awiri kuti afike pomwepo. Kubisala ndi mmene mphaka amadzitonthozera. Nde tsekani chitseko ndi mawindo, tsegulani bokosi lonyamulira lija, inu nkuchokapo. Akafuna kukhala momwemo mpaka usiku musiyeni.

Musamukoke kunsi kwa bedi, ana muwauze, alendo obwera kudzaona nyumba asalowemo. Muzilowa inu nthawi ndi nthawi, kukhala pansi chammbali osamuyang'anitsitsa, muzipanga zanu pafoni kapena kuyankhula motsitsa. Maso anu akakumana ndi ake tsinzinani pang'onopang'ono nkutsegulanso, kenako yang'anani kumbali. Ku University of Sussex anaziyesa zimenezi mu 2020 ndipo amphaka amabwezera kutsinzinako, ena mpaka kumuyandikira munthu yemwe samudziwa. Akayamba kulola kugwidwa tengani kansalu kofewa kapena sokisi yoyera, mumusisite nayo m'masaya ndi pachibwano, kenako mukapukute nayo ngodya za makoma, mafelemu a zitseko ndi miyendo ya mipando m'zipinda zinazo pa msinkhu wa mutu wake. Muzipanga tsiku lililonse. Mukumugwirira ntchito yodinda fungo ija iye asanafikeko. Ngati munkakhala anthu a ziweto m'nyumbamo muyambe mwatsuka malo omwewo.

Mudzadziwa kuti wakonzeka akayamba kudya bwino inu mulipo, kugwiritsa ntchito mchenga, kudzinyambita, kubwera kwa inu mchira uli m'mwamba, ndi kununkhiza kunsi kwa chitseko. Wina zimamutengera masiku awiri, wamantha ngati Phulusa mwina sabata kapena kuposa, musawerenge masiku muzimuona iyeyo. Mukatero siyani chitseko chotsegula pang'ono madzulo kukakhala bata, atuluke yekha, ndipo kachipindako kakhalebe mmene kalili kuti akadzidzimuka azithawira komweko. Asanatuluke yenderani nyumba yonse mutagwada, kuseri kwa fuliji, mabowo opita ku siling'i, mawindo osatsekeka bwino, ndiponso poizoni wa makoswe amene anthu akale anasiya m'makona. Ngati mwapopera mankhwala a tizilombo funsani ngati muli permethrin, ameneyu amapha amphaka.

Panja asatuluke kwa masabata atatu kapena anayi, olo alire pachitseko. Tsiku loyamba likhale m'mawa kunja kuli bata, asanadye, mutsegule chitseko mutuluke naye koma osamunyamula, ayende yekha kuti njira yobwerera aidziwe ndi mphuno yake. Pakapita mphindi zochepa gogodani mbale yake, njala imubweza. Mawa lake muonjezere nthawi pang'ono. Ngati ali ndi microchip, kachipangizo komuzindikiritsa kamene amakaika pansi pa khungu, musinthe adiresi ndi nambala ya foni musanasamuke nkomwe, ngati amavala kolala ikhale ija yomasuka yokha ikakodwa pa nthambi.

Anti, ife tasamuka kale masiku atatu apitawa. Mphaka wathu ndi wamwamuna, wonenepa ndithu. Tsiku loyamba anadya pang'ono koma kuyambira dzulo sanadye kalikonse, ndipo akungopitapita pa mchenga, amakhalapo nthawi yaitali akulira koma ndikayang'ana pamangokhala kadontho kapena palibiretu. Mnzanga akuti ndi sitiresi chabe azolowera. Ndidikire masiku angati?
Mnyamata wodandaula

Achimwene, musadikire olo tsiku limodzi. Kalata yanuyi ndinaiyankha kale pomwe inangofika, ndaiyika pano kuti ena amve nawo. Mphaka wamwamuna amene akukakamiza kukodza koma mkodzo osatuluka akhoza kukhala kuti njira ya mkodzo yatsekeka, ndipo zimenezi zimapha m'tsiku limodzi, awiri, mwina atatu. Mnzanuyo sakunama kuti sitiresi ilipo, koma sitiresi yomweyo imatha kuyambitsa kutupa kwa chikhodzodzo cha mphaka, madokotala amati feline idiopathic cystitis, ndipo kusamuka ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika zoyambitsa. Wamkazi amavutika, amakodza pafupipafupi mwina ndi magazi, naye amafunika dokotala, koma wamwamuna njira yake ndi yaitali komanso yopapatiza nde timiyala tating'ono ndi zonanda zimaitseka. Mkodzo ukasowa kotulukira impso zimaima, potassium amachuluka m'magazi mpaka mtima kusokonekera. Akayamba kusanza, kufooka, kumangonyambita kumaliseche, kapena kulira mukamugwira pamimba ndiye kuti zafika poipa. Musamufinye mimba kuti muone. Munyamuleni mupite naye kwa dokotala wa ziweto, usiku kapena Lamulungu zilibe kanthu.

Za kusadyazo nazonso si zazing'ono, makamaka poti mwati ndi wonenepa. Galu akhoza kukhala masiku osadya nkudzadya bwinobwino, mphaka ayi. Akakhala masiku angapo osadya thupi limatumiza mafuta ambiri ku chiwindi kuposa omwe chingakwanitse, chiwindicho nkuyamba kulephera, matendawa amatchedwa hepatic lipidosis ndipo onenepa ndi amene amagwidwa msanga. Nde kwa nonse amene mwangosamuka, kubisala musiyeni abisale, kudya pang'ono kapena kudya usiku wokha palibe vuto, koma maola 24 osalawa kanthu imbani foni kwa dokotala. Kuti mudziwe zoona muziyeza chakudya chomwe mwayika ndipo muziyang'ana mchenga m'mawa uliwonse. Chakudya chofewa chofunditsa pang'ono chimanunkhira kwambiri, muchiyike pafupi ndi pomwe wabisala inu nkutuluka.

Anti, wanga amakuwa m'galimoto ngati akuphedwa, mpaka kudziyipitsira. Ndingamupatse theka la piritsi langa logonetsa kapena panado kuti agone ulendo wonse?
Mtsikana wa amphaka

Ayi mwanangu, ayi ndithu. Paracetamol, amene ndi panado yemweyo, ndi poizoni kwa mphaka, chiwindi chake chilibe mphamvu yomuphwanya ngati chathu, piritsi limodzi ndi lokwanira kumupha, magazi amalephera kunyamula mpweya, nkhama zimada, nkhope kutupa. Ibuprofen naye amawononga impso ndi m'mimba. Mapiritsi ogonetsa a diazepam anaphapo amphaka ena powononga chiwindi. Mankhwala a anthu onse atalikireni. Koma thandizo lilipo, pitani kwa dokotala wa ziweto masabata angapo ulendo usanafike mukafotokoze mmene mwandifotokozeramu. Ambiri amapereka gabapentin, amene amamwetsedwa pafupifupi ola limodzi ndi theka ulendo usanayambe, ndipo kafukufuku wa mu 2017 wa ku University of California, Davis anaonetsa kuti amachepetsa mantha a amphaka paulendo ndi kuchipatala komwe. Mlingo wake aziyeza dokotala chifukwa zimatengera kulemera kwake ndi mmene impso zake zilili, nde musatenge wa agogo anu olo dzina likhale lomwelo. Mupemphe kuti muyese kamodzi kunyumba tsiku la ulendo lisanafike, muone mmene akumutengera, ena amayenda dzandidzandi kwa maola angapo nde asakwere pamwamba. M'bokosimo yalani thaulo lakale ndipo mutenge lina lapadera, koma kusintha kokha mudikire mufike pamalo potsekeka.

Anti, tinasamukira pafupi pomwepa, kuyenda pansi mphindi 10 basi. Mphaka wanga ndakamutenga kale kangapo ku nyumba yakale, ndikabwera naye mawa lake wabwereranso. Anthu amene analowamo amamukonda, amamupatsanso chakudya. Kodi ndiye kuti wandikana?
Bambo wotopa

Bambo, sanakukaneni. Kusamukira pafupi nkovuta kuposa kusamukira kutali, chifukwa akangotuluka pang'ono amapeza njira zake zakale, mpanda womwe ankadumpha, mtengo womwe ankakanda, nde miyendo imangomutengera komwe anazolowera. Vuto lalikulu ndi anthu okoma mtimawo. Pitani mukawapemphe mwaulemu kuti asamupatse chakudya, asamulowetse m'nyumba, asamusisite, akamuona azimuingitsa ndi kuwomba m'manja nkukuimbirani foni. Ndikudziwa ziwawawa koma pano mphakayo ali ndi nyumba ziwiri ndipo yomwe imanunkha iyeyo ndi yakaleyo. Inu muyambirenso poyambira ngati mwasamuka lero, atsekeredwe m'nyumba mwezi wathunthu, chakudya pang'onopang'ono kangapo patsiku kuti azidziwa kuti zabwino zimachokera pano, muzisewera naye madzulo ndi kachingwe kapena nthenga mpaka atope, ndi kansalu ka m'masaya kaja. Mukayamba kumutulutsa zikhale kamodzi patsiku asanadye. Pokamutenga musamamupatse zokoma komweko, akadyere kunyumba. Simunanene ngati ndi wofula, ngati sanafulidwe kambiranani ndi dokotala chifukwa wosafula amayenda mtunda wautali ndipo amapopera mkodzo m'makoma kwambiri.

Anti, anga ndi awiri, obadwa mimba imodzi, ankagona pamodzi kunyambitana. Chisamukireni akungolusirana, wina akamadutsa mnzake amamumenya. Ndiwasiye amenyane mpaka atope?
Agogo

Agogo, musawasiye, ndewu ya amphaka siitha ndi kutopa, imangokula. Onse ali ndi mantha ndipo fungo lomwe linkawapanga banja limodzi lasokonekera ndi ulendo ndi nyumba yachilendoyo, nde aliyense akumuona mnzake ngati mlendo. Alekanitseni masiku angapo, aliyense chipinda chake, mbale yake, madzi ake. Tsiku lililonse muzisinthanitsa mabulangete awo, kenako muziwapatsa chakudya mbali ziwiri za chitseko chotseka, akamadya mosatekeseka mutsegule kampata kakang'ono kongoonerana. Akalusirana bwererani mmbuyo pang'ono. Mathireyi a mchenga akhale atatu, aliyense yake kuphatikiza ina yapadera, ndipo asakhale pamzere malo amodzi chifukwa wamphamvuyo amagona panjira nkumutsekereza mnzake. Akagwirana musalowetsepo dzanja, kuluma kwa mphaka kumatukusira msanga, ponyanipo thaulo kapena ikani katoni pakati pawo.